Chikope Chouma

Ndinaigula ku Mupedzanhamo, Loweruka lafumbi,
pansi pa mulu wa nsapato zopanda zinzake.
Mayi wogulitsa anati madola asanu, ine ndinati awiri,
tinakumana pa atatu.
"Siigwira ntchito," anandichenjeza m'Chishona
ngati akundigulitsa nkhuku yachitopa.

Ku Mufakose, patebulo la malemu bambo,
ndinayala thaulo loyera kuti tizitsulo tisathawe.
Timasikuluu khumi ndi tinayi, tochepa ngati utitiri,
ndinatisunga m'chivindikiro cha botolo la mafuta odzola.
Kamodzi kanagwa.
Ndinakafuna chogwada mpaka magetsi anathima,
m'mawa ndinakapeza katakanirira kuchidendene changa.

Chikope chake chinali chitauma.
Ukadina, chimayamba kuphethira n'kuima panjira
ngati munthu woiwala chimene amati anene.
Girizi wakale anali atasanduka phula.
Ndinamusungunula ndi kadontho ka benzini,
thonje kunsonga ya kamtengo ka machesi,
mausiku atatu, tochi ili kukamwa,
malovu akutsikira kuchibwano.

Siponji yotchinga kuwala inangonyenyeka nditaikhudza.
M'malo mwake ndinamata ulusi wakuda
wosomola kumkono kwa juzi ya amayi.
Sanadziwebe.

Koma m'diso munachita chuku,
timizu toyera toyanga mkati mwa galasi.
Ndinapita nayo kwa a Mkwapatira,
okonza mawotchi pakhonde la sitolo mumsewu wa Kaguvi,
amene anachoka ku Dedza mzinda uno ukadali Sozibele
ndipo sanabwerere ngakhale pa maliro a mlongo wawo.
Anaiunika padzuwa nthawi yaitali.
"Ichi chadya galasi, mphwanga. Sichichoka chonse.
Inenso diso lakumanzereli lili chomwecho
koma mawotchi a anthu akuyenda."

Ndi iwo anaona zolemba mkati mwa chitseko,
zokandidwa ndi singano: E. Chimkwita, 1974.
"Wakwathu uyu," anatero, n'kukhala chete.
Kaya anali kuki kumayadi, kaya telala ku Mbare,
kaya ankajambula maukwati a anthu a kumudzi
kuti zithunzi zikwere basi m'malo mwa eni ake.
Ndani anaitaya m'nsapato? Mdzukulu? Lendi?

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinadina.
Thwa!
Kamawu kochepa, kakuthwa ngati kuthyola singano.
Ndinadinanso. Ndinadinanso, wopanda filimu,
kujambula khoma, mphaka, ndowa yodikira madzi,
mpaka amayi anafunsa ngati mutu uli bwino.

Filimu inadula kuposa kamerayo kanayi.
Zithunzi makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi basi,
ndiye chala chinaphunzira umbombo.
Ndinaima ku Copacabana theka la ola
kudikira kondakitala mmodzi kuti aseke.

Milungu itatu ndisanaone chimene ndinakola.
Zitatuluka, zonse zinali ndi kankhungu
pakona yakumwamba, kumanzere:
pa jakaranda, pa makombi, pa duku ya amayi.
Mnyamata wotsuka zithunzi anapepesa, si iye.
Ndinati ndikudziwa.

A Mkwapatira anagwira chawo ndi manja awiri,
kuchiyandikiza, kuchitalikitsa.
"Ndakalamba chonchi?"
Kenako analoza kankhungu kaja ndi chikhadabo:
"Apa ndi chala cha Chimkwita. Usachifufute."
Anachiika m'kabati, pakati pa mawotchi
amene eni ake sanabwere kudzatenga.