Khala ndi Tsamba la Muwanga

Ndinagula makala kwa Che Likaka
pamsika wa Ndirande, kajumbo kamodzi.
Sindinkafuna ophikira ayi,
ndinkafuna kachidutswa kojambulira.

Patebulo ndayala tsamba la muwanga,
ndikuwerenga mitsempha yake
ngati mizere ya m'chikhatho cha khanda.
Utoto wobiriwira unandithera dzulo,
ndasakaniza wachikasu ndi wabuluu
pachivindikiro cha chitini.

Ndikakweza maso, phiri lili mbee,
lametedwa mpala, zitsa zokhazokha,
Nasolo akutsika ndi matope ndi mabotolo.

Khala lili m'dzanja langali
mwina linali nthambi yomweyi.
Ndajambula mtengo ndi mtembo wake.

Mawa Che Likaka adzachiona chithunzichi.
Pakhonde pali mbande ziwiri m'machubu,
imodzi ndi yawo.