Mizere Itatu

Lachiwiri, teni koloko, chipinda chapansi
m'nyumba ya njerwa zofiira ku Sheffield.
Mawindo achita thukuta, majekete akudontha pamipando.
Dokotala Ellwood anapukuta magalasi ndi mpendero wa juzi
nawalitsa pakhoma mizere itatu yoimirira,
wina pambali, uli wokhawokha.
Anati: ndi uti wofanana ndi uwu?

Mwana wa sitandade wani akanayankha.
Wapakati. Maso anga anauona, wapakati.
Koma Callum anati wachitatu.
Priyanka, wachitatu.
Mnyamata wa ndolo pamphuno, osadzutsa n'komwe mutu, wachitatu.
Anthu asanu ndi mmodzi, osaphethira,
ngati akutchula nambala ya basi.
Itafika nthawi yanga lilime linalemera,
ndinangomva pakamwa panga pakuti
wachitatu.

Kenako phwete, kalasi yonse.
Anali atapangana pakhonde ine ndikadali mu tiramu.
Dokotala anati ndisachite manyazi,
ambiri amatero, zinafufuzidwa kalekale,
manambala ake ali pa tsamba makumi anayi.
Ndinaseka nawo.
Kusekako kunali mzere wachitatu winanso.

Usiku ndimagwira ntchito kosungira okalamba ku Hillsborough.
Mayi Doreen a m'chipinda naini amanditcha Margaret.
Miyezi isanu tsopano.
Dzina langa ndi Nyembezi, lili pachifuwa apa,
zilembo zikuluzikulu,
koma ndikamawaveka masokosi, iwo atagwira phewa langa,
ndimavomera: ndabwera, ndine Margaret.
Sindikudziwa kuti zimenezi buku lingaziike pamutu uti,
kugonjera kapena chifundo.
Sindinafunse.

Sabata yachisanu ndi chiwiri tinaphunzira za oonerera:
anthu akachuluka, thandizo limachepa,
aliyense amayesa mnzake ndiye ayambe.
Mayeso ake ndinakhoza bwino, sikisite eyiti.
Ndinajambula pepalalo, ndinatumizira achimwene ku Balaka.

Lachisanu, pa siteji ya Castle Square,
bambo wa chikhoto chotuwa anagwa chagada.
Jumbo inang'ambika, malalanje anagubuduka
mpaka m'njanji.
Ndinawerenga anthu, chifukwa anatiphunzitsa kuwerenga:
khumi ndi mmodzi.
Wa khumi ndi chiwiri ndinali ine.
Chimene chinandigwira miyendo ndinkachidziwa dzina lake,
chaka chimene anachitulukira, ngakhale kalembedwe kake kolondola,
koma miyendo inangoti nji.

Anagwada ndi kamtsikana ka yunifolomu,
tayi wopotoka, chikwama chikadali kumsana.
Kanandiloza ndi chala:
iwe wa chipewa chachikasu, imba foni, pompano!
Ndendende momwe bukulo limalangizira,
kusankha munthu mmodzi pagulu,
koma iko sikanaliwerengepo.
Ndinaimba. Mawu anga ankanjenjemera potchula msewu.
Ambulansi itapita ndinapeza lalanje m'dzanja langa,
sindikukumbuka kulitola.

Lamlungu lonse ndinali mu laibulale, nsanjika yachinayi,
pafupi ndi paipi yotenthetsa imene imalira ngati njinga yakale.
Mawu zikwi ziwiri pofika Lolemba.
Ndinalemba: anthu amakonda kutsatira gulu.
Ndinayang'ana mawu oti anthu kwa nthawi yaitali.
Kunja kunada fo koloko isanakwane.
Ndinafufuta.
Ndinalemba: ine ndinaona wapakati.
Ine ndinaima ndi khumi ndi mmodzi aja.
Ndinasenda lalanje lija, linali lowawasa,
ndinalidya lonse.

Pepala linabwera patatha masabata atatu.
M'mbali mwake, kalembedwe kabwino ka Dokotala Ellwood:
mfundo zamveka,
koma m'zolemba za sayansi
sitigwiritsa ntchito mawu oti ine.