Kabokosi ka Buluu

Anatiitana ku Washington, Anders,
patapita zaka zisanu ndi zinayi,
atafatsa n'kuwerenganso mapepala ako.
Mayi anavala diresi la pamaliro lomwe lija,
langowakulira m'chiuno.

Mkulu wa asilikali, nyenyezi zili mbuu paphewa,
anatchula dzina lako osaphonya chilembo:
Sajeni Anders Rustad, wa nkhondo ya m'mlengalenga,
wopulumutsa ovulala.
Akuti unatsika pa chingwe cha helikopita
m'chigwa cha miyala yokhayokha ku Kunar,
zipolopolo zikuvumba ngati matalala.
Akuti unamanga mabala a anthu asanu ndi mmodzi
n'kuwakweza mmodzimmodzi,
ndipo chingwe chitabwerera iwe
unamangirirapo mnyamata wa ku Texas
amene ngakhale dzina lake sunkalidziwa.
Mafuta anali pang'ono. Ndege inapita.

Ine ndinkamvetsera, dzanja likuyabwa kuti ndiimike.
Papepalapo sanalembe kuti unkaopa atsekwe.
Sanalembe za chisanu cha kwathu ku Dakota,
usiku uja unagona m'khola
utakumbatira thole lobadwa masiku osakwana,
linafabe mbandakucha, iwe n'kukana chakudya.
Sanalembe kuti ndege yako yoyamba
inali yopopera mankhwala m'minda ya tirigu,
unasanzira nsapato za mwiniwake
n'kupempha kuti mubwerezenso.

Atatha kuwomba m'manja
kunabwera bambo wa dazi, akukoka mwendo wachitsulo.
Ndi uja wa ku Texas.
Anagwira dzanja la Mayi,
pakamwa yasaa, mawu osatuluka.
Kamtsikana kake, mano akutsogolo atagweluka,
kanandifunsa ngati menduloyo ndi ya golide weniweni.
Ndinati sindikudziwa.
Kanaiyeza m'manja, kanati ikulemera.

Ndakukwiyira zaka zonsezi, achimwene.
Chingwe chinali chako.
Unalonjeza kudzandiperekeza paukwati,
anandiperekeza ndi amalume, atavala tayi yako.
Koma kamwanako katandibwezera mendulo ija
inali yofunda,
ndipo mkwiyo wanga unasowa pokhala.

Tabwerako dzana.
Tirigu wacha, mphepo ikumupesa mpaka kumalire a thambo.
Kabokosiko kali pamwamba pa firiji
pambali pa makiyi a galimoto yako.
Bambo sanakatsegule.
Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi
amakalizabe injini m'shedi,
mphindi khumi, chitseko chili chotsegula,
akuti batire lingafe.