Mzere Wachisanu pa Invoisi

Chala chanu, Che Mtalika, chaima pa mzere wachisanu,
pomwe ndalemba kuti kuyesa, masiku asanu ndi anayi.
Mukuti, "Ndilipire kuti mupeze zolakwa zanu zomwe?
Pulogalamuyo ndaiona ndi maso angawa, ikuyenda."

Ikuyenda, inde, pano pa Chinamwali,
masana ano, magetsi alipo, netiweki yakhuta,
ine ndili pambali panu kukulozerani podina.

Koma dzulo ndinasanduka kasitomala wanu wovutitsitsa.
Ndinalemba dzina la Mayi Mang'anda,
kachizindikiro kaja kolendewera pakati pa dzinalo
kanazimitsa sikirini yonse, bii!
Ndinagula matumba ziro a feteleza,
inandithokoza n'kundipatsa lisiti.
Ndinadina batani kawiri
monga achitira munthu wa chala chonjenjemera,
ngongole ya Abiti Wyson inabereka mapasa.
Kenako ndinazula waya malipiro ali mkati,
muja athawira magetsi mvula ikamatsika m'phirimu.
Ndalama inachoka m'foni,
m'buku mwanu sinafike.
Inakagona kwa yani usiku umenewo?

Inu mpunga wa ku Chilwa simugula ndi maso.
Ndinakuonani Lachiwiri, mkono m'thumba mpaka chigongono,
kufuna wapansi, kusiya wapamwamba wokopa ogula,
njere imodzi padzino, kuluma, kulavula.
Mnyamata wa nkhuni wa ku Chawe
amayamba wafinya mabuleki kawiri
asanaipereke njinga ku mtsetse.
Ndani anamuuzapo kuti akutaya nthawi?

Tsoka la ntchito yangayi n'lakuti ikagwirika bwino
simuiona.
Mwezi umangotha phee.
Palibe woimba foni pakati pausiku,
palibe mayi wolira pakauntala ndi lisiti lonama m'manja,
ndipo inu mumati, ndalama ija ndinataya.

Sindikulumbira kuti nsikidzi ndagwira zonse,
zina zimabisala m'msoko mpaka chaka chamawa.
Koma makumi awiri ndi zitatu zili apazi, ndazilemba maina,
sizidzalumanso munthu kumapeto a mwezi
mzere utafika kumsewu wa ku Liwonde,
dzina lanu lili pachikwangwani, langa palibepo.

Mwakhala duu.
Panja kabaza akuimba belu, tiyi wanu wazizira.
Mwakoka laputopu, mwaitembenuzira kwa inu.
"Nanga munthu akabweza theka la thumba,
pomwe anagula pangongole, mtengo usanakwere?"

Chimenecho sindinachiganize, Che Mtalika.
Sendezani mpando.
Lembani, tione ngati iphulike.