Malaya Opanda Mwini

Magalasi otsala pa mawindo a sukulu ya ku Chisitu
ndinawamata masiku atatu,
guluu akununkha m'zala,
mpaka kabokosi kanaleka kudontha.
Mchenga ndinakatapa ku Likhubula,
miyala iwiri, ndi kachitsa kamene kanakana kumira sabata yathunthu.

Tinabwera tisanu ndi tiwiri m'chigubu cha mafuta ophikira,
pa njinga ya kabaza ya Namakhwa, kuchokera ku Muloza.
Za dzina sitinamvane.
Iye akuti kutsidya amati kamarau.
Mayi a kunyumba akuti ndi ziwala zomira,
nafunsa ngati zimakoma ndi tomato.

Thupi ngati dontho la madzi lomera ndevu.
Ukayang'anitsitsa, chimene kadya chimaonekera m'mimba,
kachidutswa ka nkhwani kakutsika pang'onopang'ono.
Zaka makumi awiri ndikudula galasi pa Chitakale,
sindinaonepo galasi lothawa chambuyo.

Magetsi akazima, thovu limaleka.
Ndimagwada ndi pampu ya njinga,
kupopa, kuwerenga mpaka zana, kupuma,
ana a aneba ataunjikana pawindo:
a Muhiwa zawasokonekera, akupopa madzi!

Lachiwiri lija chiperoni chitaphimba phiri
ndinapeza kamodzi katagona chagada pamchenga,
koyera mbuu, miyendo yonse ilipo, ndevu zonse.
Ndinakavuula ndi supuni.
Kanalibe kulemera. M'kati munalibe kanthu.
Ndinawerenga totsala: tisanu ndi tiwiri.
Ndinawerenganso.

Mwini wake anali kuseri kwa mwala,
wofewa, wamanyazi,
ngati munthu amene wamugogodera akusamba.

Ndinakhala pansi, supuni m'manja.
Kuseri kwa chitseko chathu, pa msomali,
pali jekete ya Waisoni,
zigongono zake zikadali zopindika momwe anazisiyira.
Chaka chachitatu ali ku Joni.
Foni imalira pa Khirisimasi, nthawi zina.
Mayi ake amaikutumula fumbi Loweruka lililonse
osayankhula,
ngati chovala cha malemu.

Ndinafuna kuwaitana adzaone.
Anali kudimba.

Namakhwa anati usataye,
timadya tokha malaya athu akale
kuti atsopano alimbe.
Anati "athu", ngati nayenso ngwa m'madzi.
Choncho ndinabweza kachikopako, kanatsika kakuvina.

Pofika madzulo panatsala ndevu imodzi yokha
itakodwa pa kachitsa.
Magetsi anali asanayake.
Ndinatenga pampu.