Usiku Umodzi ku Lifupa

Anatilonjeza Nkhotakota.
Teremu yonse a Kamchacha ankangotchula mkuyu wakale
ndi doko limene akapolo ankawolokera,
koma titasonkha, ndalama inangokwana dizilo wa ku Lifupa.
Ine ndinagulitsa nkhuku yanga yamawanga
kuti dzina langa lilowe pa pepala.

Tinakwera lole yonunkhabe fodya,
tinapanikizana ngati mabelo opita ku okushoni,
fumbi la Okutobala likutipaka nsidze.
Kwathu ku Chulu waya wa paki ndimauona tsiku lililonse
ndikamapita kumjigo.
Lero ndinali kuseri kwake.

Mlonda wa nkhalango, a Msulira, mfuti paphewa,
anatiimika pa chulu chong'ambika pakamwa.
"Si chulu ichi," anatero, "ndi ng'anjo.
Pano makolo ankawotcha mwala mpaka ulire chitsulo,
khasu lisanakhale ndi mtengo wa kusitolo."
Felesiya anatola kachidutswa kakuda,
kolemera kuposa maonekedwe ake.
"Bwezera pamene wakapeza."
Anabwezera, koma dzanja lake linakhalabe lofumbata
mpaka pa lole.

Kuphanga tinapeza mizere yofiira pathanthwe,
timadontho, mabwalo, china ngati makwerero.
A Kamchacha anafunsa tanthauzo lake.
A Msulira anakanda chipewa, nati, "Sindidziwa."
Kanali koyamba kumva munthu wa yunifolomu
akunena mawu amenewo popanda manyazi.
Ndinawalemba m'kope.

Matenti anali anayi, lina lopanda zikhomo;
tinalimanga ndi luzi ndi zingwe za nsapato za Ganizani.
Sitefano anaiwala bulangete,
anagona miyendo ili m'thumba la feteleza.
Buledi anatha, mbatata inapserera mbali imodzi.
Mdima utakhwima mvuu inaseka m'damu
ngati munthu amene wamva chinsinsi chathu,
fisi nayenso anayankha kutali,
ndipo Mwatitha, yemwe amagwetsa anyamata pa mpira,
ananong'ona kuti tochi isazime.
Sindinagone.
Nyenyezi zinali zomwezo za kwathu,
koma kuno palibe galu anaziuwa.

Mbandakucha zinabwera.
Zisanu, ndi kamwana pakati.
Anzanga analimbirana foni ya aphunzitsi,
"Jambulani! Jambulani!"
Ine ndinangoima, manja m'thumba.

Ndimazidziwa izi.
Malichi wathayu zinathyola waya,
zinamaliza munda wa amayi usiku umodzi
ife tikumenya zidebe mpaka zikhatho kutupa.
Kutacha amayi anatola zisononkho zitatu,
anakhala pansi pa mzere, osalira, osayankhula.
Mkwiyo umenewo ndinabwera nawo,
ndinaulongedza pamodzi ndi kope ndi mswachi.

Koma kamwana kaja kanaterereka m'matope,
kanakuwa,
ndipo make anakakoka ndi chitamba,
nakakankha pang'ono kumbuyo,
monga amayi amachitira ndi Lute
akagwa ndi ndowa pamjigo:
kudzutsa ndi kukalipa nthawi imodzi.
Ndinafufuza mkwiyo wanga.
Unalipo ndithu,
koma unali utasuntha malo,
ngati mwala wa m'nsapato
umene wachoka kuchidendene.

Lolemba a Kamchacha akufuna lipoti,
masamba awiri, mutu wake: Zimene Ndinaphunzira.
Ndalemba dzina ndi tsiku.
Ndalemba za ng'anjo, za phanga, za thumba la Sitefano.
Pa njovu ndasiya mizere isanu yopanda kanthu.

Amayi akupeta chimanga chogula,
cha ndalama ya ganyu.
Osandiyang'ana, afunsa:
"Ndiye unaziona?"
Ndavomera.
Lichero laima pang'ono m'manja mwawo.
"Zanenepa?"