Kachitsulo ka mu Paipi

Masiku makumi asanu ndi anayi kakhala mumdima,
kachitsulo kanga kotalika ngati chala chamkombaphala,
komangidwa m'mimba mwa paipi
yokweza madzi a m'nyanja kuchoka ku Antofagasta
kupita kumgodi wa mkuwa,
m'chipululu momwe mvula ndi mphekesera chabe.

Lero ndakatulutsa.
Kanalowa kali ngwee, katuluka katavala ndere yakuda
yoterera ngati therere,
fungo la dzira lovunda n'kundiwomba m'mphuno.
Baldomero walavula pambali:
"Eliana, alendo ako aja aswana."

Si alendonso awa. Amanga.
Amata nyumba ndi ulimbo wa m'thupi mwawo,
agona mosanjikizana,
apamwamba akumeza mpweya wonse
kuti apansi, odana ndi mpweya, adye mosatekeseka
n'kumakumba timaenje m'chitsulo.
Chiswe cha m'madzi.
Sichimveka, ndipo sichidziwa Lamulungu.

Ndapala ndereyo, ndaisungunula,
ndadontheza m'mabotolo asanu ndi limodzi,
lililonse losukuluka kakhumi kuposa linzake.
Kwatsala n'kudikira milungu inayi.
Botolo likada bii, alimo.
A mwezi watha ndawerenga m'mawa uno:
kale ankada atatu,
pano asanu.

Sikelo ilibe chibale.
Nditakatsuka, kachitsuloko kapepuka
ndi kulemera kwa njere zinayi za mpunga.
Baldomero akuseka. Ine ayi.
Paipi siifa ndi kupepuka,
imafa ndi dzenje limodzi lozama
lomwe diso linalumpha.

Lachinayi tithira mankhwala,
kenako tikankha nkhumba,
chida cha mabulashi chimene chimayenda m'paipi chikulira,
n'kukatulukira uko chitasenza matope akuda.
Apamwamba afa.
Apansi afunda mitembo ya anzawo
n'kudikira kuti chimvula chaululucho chipite.
Mwezi wamawa tisintha mankhwala
asanawazolowere kukoma.

A Urrutia aimba foni kuchokera ku ofesi ya ku Santiago:
"Vutoli litha liti?"
Ndayang'ana mapiri ouma gwa,
ndayang'ana magolovesi anga.
Ndati, "Bwana, awa anayamba kudya
dziko lisanaone chitsulo."
Kunali zii, kenako afunsa mtengo wa mankhwala.

Ndatenga kachitsulo katsopano m'kathumba kake.
Kakuzizira, kosalala, kopanda mlandu.
Ndakayeza. Ndalemba tsiku m'kabuku.
Ndakalowetsa, ndamanga nati,
ndatsegula madzi.